Opaleshoni ya hernia kwa okalamba: choopsa chili pati kwenikweni?

Malume anga anakhala ndi chotupa cha pachinena zaka zoposa khumi osauza munthu. Tinadziwira pa kachitidwe kawo kudimba. Akalima pang'ono ankasiya khasu n'kukagona chagada patsinde pa mango, mawondo atapinda, dzanja lili m'kabudula. Ankakankha pang'onopang'ono mpaka chinthu chija chitabwerera m'mimba ndi kaphokoso ngati madzi akulowa m'botolo, kenako n'kudzuka kukamaliza mzere. Atakwanitsa zaka 76 chinayamba kuvuta kubwerera, ndipo nkhani ya opaleshoni inagawa banja pakati. Ana awo a m'tauni ankati apite kuchipatala msanga. Akazi awo anakana kwamtuwagalu: "Munthu wamkulu chonchi akakamugonetsa sadzukanso. Asiyeni, Mulungu adzawatenge ali athunthu."

Mantha amenewa si opusa. Thupi la zaka 76 silipirira ngati la zaka 30, ndipo alipo okalamba amene analowa kufiyeta osabwerako. Kungoti mantha athu amaloza mpeni, pomwe zimene madokotala akhala akulemba kwa zaka zambiri zikuloza kwina: nthawi imene opaleshoni yachitika, mtundu wa mankhwala ochotsa ululu, mphamvu zimene zatsala m'thupi la wodwalayo, ndiponso kuzolowera kwa dzanja losoka.

Chimene chimatupacho

Aliyense amene anakwerapo njinga ya tayala lakutha anaona chubu chikutuluka pamene tayala lang'ambika, n'kupanga kathumba. Hernia ndi chimodzimodzi. Khoma la mimba, lomwe ndi minofu ndi zikopa zolimba zam'kati, limafooka kapena kutseguka pamalo ena, ndiye nembanemba yokuta matumbo imatulukira pamenepo itanyamula mafuta kapena chigawo cha thumbo. Malo amene izi zimachitika kwambiri ndi pachinena, pomwe mwa abambo pamadutsa chingwe cha mitsempha chotsikira kumavalo. Imatulukanso pamchombo, kapena pachipsera cha opaleshoni yakale. Pa abambo 100 alionse, 27 amadzachitidwa opaleshoni ya hernia ya pachinena pa moyo wawo, pomwe kwa amayi ndi 3 pa 100, ndipo padziko lonse opaleshoni zoterezi zimapitirira 20 miliyoni pachaka.

Kumudzi timangoti phudzi kapena mwela, ndipo mayina amenewa amasakaniza matenda awiri. Pali kutupa kwa mavalo kobwera chifukwa cha madzi, komwe kunali kofala ku Chikwawa, Nsanje ndi Karonga chifukwa cha tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu. Kumeneko mulibe thumbo, ndipo munthu akagona sikubwerera. Hernia imakula munthu akaimirira, akatsokomola kapena akanyamula katundu, n'kuphwa akagona. Kusiyana kumeneku n'kofunika chifukwa madzi amangolemetsa munthu ndi kumuchititsa manyazi, koma thumbo likapanikizika limapha.

Ukalamba umawonjezera vutoli kuchokera mbali ziwiri. Minofu imapyapyala, pomwe zokankha kuchokera m'kati zimachuluka: chifuwa chosatha cha anthu osuta fodya kapena odwalapo TB, kudzimbidwa, ndi kutchima pokodza chifukwa cha kutupa kwa prostate, kachiwalo ka abambo kozungulira njira ya mkodzo.

Kudikira kuli ndi malire

Kale madokotala ankaphunzitsidwa kuti hernia iliyonse isokedwe ikangopezeka. Maganizo amenewa anagwedezeka mu 2006 pamene Robert Fitzgibbons ndi anzake anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa abambo 720 a ku North America omwe anali ndi hernia yosawavutitsa kwenikweni. Anawagawa mwamaere, ena opaleshoni, ena kungowayang'anira. Mwa odikirawo, ngozi ya thumbo kukanirira kunja inali yochepa zedi, pafupifupi anthu 2 pa 1,000 pachaka. Choncho bambo wokalamba amene ali ndi kachotupa kakang'ono, kosapweteka, kobwerera mosavuta, sali paulendo wa kumanda mawa lino. Ngati ali ndi mtima wofooka kwambiri kapena matenda ena amene angamutenge posachedwa, kusaigwira hernia yakeyo n'kwanzeru.

Komatu nkhani sinathere pamenepo. Patatha zaka ziwiri, odikira 23 pa 100 anali atapempha okha opaleshoni, ambiri chifukwa cha ululu. Atawatsatira mpaka zaka khumi, chiwerengero chinafika 68 pa 100, ndipo mwa amene anali ndi zaka zoposa 65 chinafika 79 pa 100. Tanthauzo lake n'lakuti wodikira nthawi zambiri sakuthawa opaleshoni, akungoisunthira kutsogolo, kumene adzakhale wokalambirapo, mtima ndi impso zitatopa kuposa lero.

Pali chinanso choti tisachiiwale. Abambo a m'kafukufuku uja ankakhala kufupi ndi zipatala zokhala ndi fiyeta yotsegula usana ndi usiku. Kudikira kwa munthu woti ambulansi imufikira m'mphindi 15 n'kosiyana ndi kudikira kwa agogo a kuseri kwa mtsinje umene umadzaza mu Febuluwale. Ndiponso hernia zimene zimafika kuzipatala zathu zambiri si tating'ono ta m'kafukufukumo. Zimafika zitatsikira kale kumavalo, zina ngati dzungu, chifukwa mwini wake anabisa. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kusiyana kwa opaleshoni yokonzekera ndi yadzidzidzi ndiye phata la nkhani yonseyi. Dziko la Sweden lakhala likulemba m'kaundula opaleshoni za hernia kuyambira 1992. Ofufuza atawerenga opaleshoni zoposa 107,000 za pakati pa 1992 ndi 2005, anapeza kuti amene anachitidwa opaleshoni yokonzekera sankamwalira m'mwezi wotsatirawo kuposa anzawo a msinkhu womwewo amene sanapite kufiyeta n'komwe. Koma pa opaleshoni yadzidzidzi imfa zinachuluka ka 7, ndipo pamene panafunika kudula thumbo lakufa zinachuluka ka 20. Odwala ambiri ofika mwadzidzidzi ndi okalamba.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Thumbo likapanikizika pakhomo pa hernia, magazi amasiya kuyenda, ndipo m'maola ochepa limayamba kuda ndi kuola. Wodwala amasanza, madzi amatha m'thupi, impso zimafooka, tizilombo ta m'matumbo timalowa m'magazi. Amafika kufiyeta usiku, mimba itadzaza, palibe nthawi yotsitsa BP kapena kukonza shuga, ndipo pomugonetsa masanzi angathe kulowa m'mapapo. Opaleshoni imene ikanatha mu ola limodzi podula khungu la pachinena imasanduka yotsegula mimba yonse. Nkhani zambiri za "anawagonetsa osadzukanso" zimene timamva pamaliro zimachokera usiku ngati umenewu.

Zizindikiro zake aliyense wosamalira wokalamba azidziwe: chotupa chimene chinkabwerera chakana, chauma gwa, chikupweteka kwambiri kapena chafiira, munthu akusanza, mimba yatupa, sakuchita chimbudzi kapena kutulutsa mpweya. Pamenepo musakankhe mwamphamvu, musamupatse phala kapena tiyi, musatemere mphini, musadikire kuti kuche.

Amayi okalamba asadikire

Zonse za kudikira zija ndi za abambo. Amayi amadwala hernia mwa apo ndi apo, koma kawirikawiri kuposa abambo imakhala ya mtundu woipa wotchedwa femoral, imene imatulukira m'munsi pang'ono, kumtunda kwa ntchafu, pakampata kodutsa mitsempha ikuluikulu yopita kumwendo. Kampatako n'kopapatiza ndipo m'mbali mwake n'molimba, moti thumbo likalowa silichedwa kupanikizika. Kafukufuku wina wa ku London wa 1991 anayerekeza kuti hernia ya femoral imapanikizika mwa anthu 22 pa 100 m'miyezi itatu yokha, pomwe ya pachinena wamba ndi pafupifupi 3 pa 100. M'kaundula wa ku Sweden uja, opaleshoni za femoral zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu zinali zadzidzidzi.

Choipa china n'chakuti kachotupako kamakhala kakang'ono ngati dzira la nkhunda, kofanana ndi mwanabere. Agogo aakazi akamasanza ndi kutupa mimba, onse amathamangira kuganiza za malungo kapena zimene adya, osayang'ana m'mphechepeche, ndipo agogowo sanganene okha pamaso pa mwana wamwamuna. Gadiyani wamkazi akumbutse adokotala kuti aoneko.

Kusoka, kuika chigamba, kapena kulowera m'kati

Buluku likang'ambika pabondo, telala angathe kukoka mbali ziwirizo n'kuzisoka pamodzi, kapena kuikapo chigamba. Mbiri ya opaleshoni ya hernia yayenda m'njira ziwiri zomwezo.

Kusoka kopanda chigamba kunakhazikitsidwa ndi Edoardo Bassini wa ku Padua ku Italy cha m'ma 1880, ndipo njira yake ikugwiritsidwabe ntchito m'zipatala zambiri za mu Africa. Vuto lake ndi kukokana. Minofu yosokedwa mokoka imapweteka, ndipo ngati ndi yakutha ngati ya nkhalamba, ulusi umaidula pang'onopang'ono mpaka hernia kuyambiranso. Chipatala cha Shouldice ku Canada, chomwe chinatsegulidwa mu 1945, chinakonza njirayi posoka m'mizere inayi yosanjikizana, ndipo mpaka lero imeneyi ndiyo yabwino koposa mwa njira zopanda chigamba, ngakhale imafuna dzanja lophunzitsidwa bwino.

Chigamba chinatchuka ndi Irving Lichtenstein wa ku Los Angeles m'zaka za m'ma 1980. Dokotala amadula khungu la pachinena masentimita 6 kapena 8, amabwezera zotulukazo m'mimba, n'kuyala kaukonde ka pulasitiki kotchedwa mesh pamwamba pa malo ofookawo popanda kukoka chilichonse. Thupi limamera minofu ya chipsera m'timaso ta kaukondeko n'kupanga khoma latsopano. Hernia yosokedwa motere siyambiranso kawirikawiri, njirayi n'njosavuta kuphunzira, ndipo chachikulu kwa okalamba n'chakuti itheka munthu ali maso.

Njira yachitatu inabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Dokotala amaboola timabowo titatu pamimba, amalowetsa kamera ndi zida zazitali, n'kuika mesh kuseri kwa khoma, ngati kumata tayala kuchokera m'kati. Ilipo ya mitundu iwiri: TAPP, yolowa m'chipinda cha matumbo mwenimwenimo, ndi TEP, yodutsa pakati pa minofu ndi nembanemba osalowa kumatumbo. Abale athu okhala ku Britain kapena ku South Africa ndi amene angamve dokotala akuwapatsa njira imeneyi. Ubwino wake ndi weniweni: ululu wochepa masiku oyambirira, mabala sachedwa kupola ndipo sachita mafinya kawirikawiri, munthu amabwerera msanga kuntchito, komanso ululu wokhalitsa wa pachinena umachepa. Ngati hernia ili mbali zonse ziwiri, timabowo tomweto timakwanira zonse. Ngati inasokedwapo kutsogolo n'kuyambiranso, kulowera kumbuyo kumapewa zipsera zakale. Kwa amayi, kamera imaona kampata ka femoral komwe opaleshoni yotsegula imatha kuphonya, ndipo malangizo a madokotala a mayiko osiyanasiyana otchedwa HerniaSurge, a 2018, amati kumene kuli odziwa njirayi amayi achitidwe imeneyi.

Mtengo wake kwa thupi lokalamba uli apa. Opaleshoni ya kamera imafuna kugonetsa munthu tulo tofa nato, makina akumupumira. Kuti dokotala aone bwino, m'mimba amapopamo mpweya wa carbon dioxide, ndipo pa TAPP bedi amalipendeketsa mutu kumunsi kuti matumbo achoke panjira. Mpweyawo umakankha mapapo m'mwamba, umapanikiza mitsempha yobwezera magazi kumtima, ndipo wina umalowa m'magazi kuti mapapo autulutse. Wamphamvu sazimva n'komwe. Wa mtima wotupa kapena mapapo otha ndi fodya, imeneyi ndi ntchito yowonjezera pa nthawi imene thupi lili kale pampanipani. Kuseri kwa khoma la mimba kulinso chikhodzodzo ndi mitsempha ikuluikulu. Kuzivulaza sikuchitikachitika, koma kukachitika ndi nkhani yaikulu. Kwa omwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, magazi otuluka pabala lotsegula amaoneka ndipo angathe kupanikizidwa, pomwe otuluka kuseri kuja ali ndi malo ambiri obisalamo. Amene anachotsedwa prostate kudzera pamimba amakhala ndi zipsera m'njira yomweyo. Ndipo hernia yaikulu yotsikira kumavalo imavuta kuikoka ndi timabowo.

Dzanja nalo lili ndi gawo lake. Mu 2004 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa m'zipatala 14 za asilikali opuma ku America, wotsogoleredwa ndi Leigh Neumayer, wokhudza abambo oposa 2,000. Patatha zaka ziwiri, hernia inayambiranso mwa 10 pa 100 a kamera ndi 5 pa 100 a njira yotsegula. Koma kwa madokotala amene anali atachitapo opaleshoni za kamera zoposa 250, kusiyanako kunazimiririka. Kuyambira nthawi imeneyo maphunziro ndi zida zapita patsogolo, ndipo m'manja ozolowera njira ziwirizi zimafanana pa kuyambiranso kwa hernia. Phunziro lake silinasinthe: funso lakuti "Adokotala, njira imeneyi mumaichita kangati pamwezi?" si lamwano. Za maloboti ochitira opaleshoni sindichedwapo. Kafukufuku wa 2020 wotchedwa RIVAL anapeza kuti pa hernia ya pachinena amatenga nthawi yaitali ndi ndalama zambiri kuposa njira ya kamera wamba, popanda phindu looneka kwa wodwala.

Palinso mfundo imodzi imene otsatsa njira ya kamera saitchula kawirikawiri. Ululu wokhalitsa miyezi yoposa itatu, umene umagwira pafupifupi munthu mmodzi pa 10 alionse, umavutitsa kwambiri achinyamata kuposa okalamba. Kubwerera msanga kuofesi nakonso n'kwa ogwira ntchito. Ndiye kuti phindu lalikulu la kamera limachepa munthu akamakula, pomwe mtengo wa tulo tofa nato umakwera. Kwa bambo wa zaka 68 wolimba, wa hernia mbali zonse, kamera ndi yabwino. Kwa wa zaka 82 wopuma movutikira, wa hernia mbali imodzi, ine ndingasankhe bala lotsegula ndi dzanzi la pamalo pomwepo.

Tulo, jakisoni wa pamsana, kapena dzanzi la pamalo

Apa ndi pamene mantha a akazi a malume anali ndi mfundo. Njira zochotsera ululu zilipo zitatu, ndipo kwa wokalamba kusankha pakati pa zitatuzi kumaposa kusankha kasokedwe.

Dzanzi la pamalo ndi lija la pozula dzino, kungoti dokotala amabaya mankhwala monga lignocaine m'khungu, m'minofu ndi mozungulira mitsempha ya pachinena. Munthu amakhala maso, amapuma yekha, mtima sukhudzidwa kwenikweni. Amamva kukokedwa koma osati kuchekedwa, ndipo dokotala angathe kumuuza kuti atsokomole kuti aone ngati posokapo palimba. Mu 2003, kafukufuku wa odwala 616 m'zipatala 10 za ku Sweden anayerekeza njira zitatuzi mwamaere. A dzanzi la pamalo anatuluka msanga m'chipatala, anamva ululu wochepa atangotuluka kufiyeta, ndipo sanavutike kukodza ngati anzawo. Kuchipatala cha Shouldice ambiri amawachita motere. Malire ake alipo: imafuna dokotala woleza mtima ndi wa dzanja lofewa, siyenera hernia yaikulu kwambiri kapena yokana kubwerera, munthu wonenepa kwambiri, kapena amene mutu unasokonezeka moti sangagone phee kwa ola lathunthu.

Jakisoni wa pamsana amapha thupi kuyambira m'chiuno kutsika. Ambiri amaganiza kuti poti munthu ali maso ndiye kuti palibe choopsa, koma sizili choncho kwenikweni. Mankhwalawa amamasula mitsempha ya magazi ya m'miyendo, BP imatha kugwa mwadzidzidzi, ndipo mtima wokalamba suchira msanga ku kugwa kotero. Amagonetsanso chikhodzodzo. Zolembedwa za ku Denmark zinaonetsa kuti mwa odwala a zaka 65 kupita m'tsogolo, mavuto monga a mtima ndi a mapapo anachulukirapo pa jakisoni wa pamsana poyerekeza ndi tulo tofa nato, ndipo malangizo a 2018 aja amati kwa a msinkhu umenewu, ngati dzanzi la pamalo silitheka, tulo ndi tabwinoko. Koma zimenezo zinapezeka m'zipatala zokhala ndi makina onse ndi wodi ya odwala mwakayakaya pafupi. M'chipatala cha boma cha m'boma laling'ono, kumene okosijeni ndi magetsi zili za mwayi, wogonetsa amene wabaya jakisoni wa pamsana kambirimbiri akamasankha njira imeneyi amadziwa chimene akuchita. Chofunika n'chakuti wodwalayo akhale ndi dilipi, BP iziyezedwa pafupipafupi, ndipo mankhwala oikweza akhale pambali.

Tulo tofa nato masiku ano si tija ta kale. Choopsa chake chachikulu kwa okalamba sikusadzuka ayi, koma zimene zimatsatira: chibayo, nseru, ndi kusokonezeka mutu. Agogo amene dzulo amacheza bwinobwino amayamba kubwebweta usiku, kuzula dilipi, kuona anthu amene anamwalira kale, kapena kungokhala duu osalankhula. Abale amathamangira kuti alodzedwa kapena achita misala. Kusokonezeka kumeneku kumagwira kwambiri amene anali atayamba kale kuiwalaiwala, osamva kapena osaona bwino, ndipo kumayambitsidwanso ndi ululu, kuchepa kwa madzi m'thupi, mkodzo wotsekeka ndi mankhwala amphamvu opha ululu. Nthawi zambiri kumatha, koma ena sabwereranso mwakale. Gadiyani wodziwika, magalasi awo a maso, kuwala kwa masana, madzi akumwa ndi kuwadzutsa kuti ayende zimathandiza kuposa mapiritsi ogonetsa.

Vuto limene limachitika kwambiri, ngakhale silitchulidwa pakhomo, ndi kutsekeka kwa mkodzo. Kafukufuku wa RETAINER wa 2023, wa odwala oposa 4,000 m'mayiko 32, anapeza kuti pafupifupi bambo mmodzi pa 10 a zaka 65 kupita m'tsogolo amalephera kukodza akachitidwa opaleshoni ya hernia. Bambo amene amadzuka kanayi usiku, mkodzo ukutuluka modontha, anene zimenezi asanalowe kufiyeta. Nthawi zina prostate ndiyo iyenera kuyamba kuthandizidwa, chifukwa kutchima komweko kudzang'amba posokapo.

Zaka si muyezo wabwino

Alipo a zaka 80 amene amapalasa njinga kupita kumsika, ndipo alipo a 66 amene sangadzuke pamkeka popanda wowagwira. Madokotala anazindikira kuti chimene chimalosera bwino mavuto a opaleshoni si chaka chobadwa koma kufooka kwa thupi lonse. Ku Canada, Kenneth Rockwood ndi anzake anakonza mu 2005 muyezo wosavuta woyang'ana zimene munthu amatha kudzichitira, ndipo zipatala zambiri zimaugwiritsa ntchito. Mafunso ake ngodziwika kwa aliyense wosamalira kholo. Amasamba ndi kuvala okha? Angayende mpaka kutchalitchi kapena kumzikiti osapumira panjira? Angakwere kachitunda osabanika? Aonda chaka chino? Agwapo? Amaiwala ngati adya? Mayankho a mafunso amenewa ndi amene ayenera kutsogolera kusankha pakati pa kamera, dzanzi la pamalo, kapena kusaigwira n'komwe.

Ubwino wa opaleshoni yokonzekera ndi milungu imene imapereka. BP ndi shuga zikonzedwe, fodya asiyidwe kwa milungu inayi kapena kuposa, chifuwa chosatha chiyezedwe, kudzimbidwa kuthe, magazi akhale okwanira. Mapiritsi onse, ngakhale a kugolosale ndi a zitsamba, apite nawo m'kajumbo kuti adokotala awaone. Warfarin kapena aspirin asasiyidwe mwa nzeru za pakhomo, chifukwa amene anamwetsedwa mankhwalawa atadwala sitiroko kapena mtima angathe kudwalanso akasiya molakwika. Nanga kusala chakudya? Lamulo lodziwika ndi maola 6 pa chakudya ndi maola 2 pa madzi oyera. Wokalamba amene wakhala osamwa kuyambira dzulo madzulo, opaleshoni n'kuchitika 3 koloko masana, amalowa kufiyeta atauma kale, ndiye gadiyani afunse anamwino ngati mzere watalika.

Zimene zilipo kwathu

Ku Malawi, opaleshoni zambiri za hernia m'zipatala za m'maboma amachita ndi ma clinical officer, ndipo ogonetsa ambiri nawonso ndi ma clinical officer. Madokotala a opaleshoni enieni ndi ochepa ndipo ambiri ali kuzipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu. Ena amaona ngati kuchitidwa opaleshoni kuboma n'kudzichepetsa, koma hernia yosavuta, yokonzekera, m'manja mwa clinical officer amene amaisoka sabata iliyonse, ndi yotetezeka kuposa kudikira chaka pamzere wa kuchipatala chachikulu. Zoyenera kutumizidwa kumtunda ndi zazikulu kwambiri, zoyambiranso, ndi za odwala mtima kapena mapapo kwambiri.

Chosowa kawirikawiri ndi mesh, chifukwa ya kufakitale ndi yodula. Mu 2016 kunatuluka kafukufuku wa kum'mawa kwa Uganda, wa Jenny Löfgren ndi anzake, wa abambo 302. Anayerekeza mesh ya madola 125 ndi ina yodulidwa ku nsalu ya neti ya udzudzu, yophikidwa m'makina ophera tizilombo, yosakwana dola imodzi. Patatha chaka, hernia inayambiranso mwa munthu mmodzi yekha wa neti, ndipo mavuto ena anali ofanana. Pasakhale wosokonezeka apa: sinali neti yogawidwa kusikelo, imene ili ndi mankhwala ophera udzudzu, koma nsalu yosankhidwa, yopanda mankhwala. Kumene mesh kulibe, kusoka kopanda chigamba kochitika bwino n'kwabwino kuposa kudikira. Ndipo ngati thumbo laphulika n'kuipitsa bala, madokotala amapewa dala kuika mesh, chifukwa pulasitiki m'malo a mafinya ndi vuto lina.

Malume anatheka kuwanyengerera atamva kuti sawagonetsa. Tsiku lowayeza, adokotala anawafunsa kuti, "Agogo, usiku mumadzuka kangati kukataya madzi?" Iwo anayang'ana kumbali n'kuti kamodzi, chonsecho tonse tinkamva chitseko chikulira katatu kapena kanayi. Anawabaya jakisoni wa pamsana, opaleshoni inatha ola lisanakwane, ndipo anatuluka akudandaula kuti miyendo yawo aipatsa wina. Pofika pakati pa usiku anali akubuula, osati chifukwa cha bala koma chinena chitatupa ndi mkodzo. Anamwino anawaika kapaipi, ndipo kanakhala masiku awiri, zomwe zinawakwiyitsa kuposa opaleshoni yeniyeniyo. Anawapatsa panado n'kutiletsa kuwagulira bufeni kapena indosidi, poti amawononga impso ndi m'mimba mwa okalamba. M'mawa mwake anawadzutsa kuti ayende m'khonde, akazi awo akutsutsa kuti munthu wong'ambidwa agone mwezi. Mavalo anatupa ndi kuda kwa milungu iwiri, monga anatichenjezera, kenako anaphwa. Mvula yoyamba itagwa anatenga khasu lawo, ndipo pobwera kudimba tsiku limenelo anafunsa ngati kuchipatala kuja amaonanso za mkodzo.